Choko Chachikasu M'buti ya aKamanga

Ndikangodutsa pamene akupopera penti galimoto, fungo lake limandibweza ku Edmonton, m'galaja ya agogo aKamanga, mmene munkazizira ngakhale kunja kuli dzuwa, madzi akudontha kudenga n'kumagwera m'chitini tsiku lonse. Sanali agogo anga enieni, tinkangoyandikana nyumba. Amayi akakhala ku shifiti kuchipatala, ndikaweruka kusukulu ndinkapita kwawo n'kukhala pampando wakumbuyo wa galimoto yakale yobiriwira imene ankaikonza chaka ndi chaka osaimaliza.

AKamanga anabwera kudziko lachilendo kuno ali mnyamata, n'kukalamba akupopera penti m'fakitale ya magalimoto. Iwo ankafuna kuti galimotoyo ikhale ndendende mmene inatulukira kufakitale, ndi zolakwika zake zomwe. Pamene penti inayenderera kunsi kwa chitseko sankapakhudza. Bambo anga, amene ankawongola magalimoto ochita ngozi ku Tottenham, zimenezi zinkawadwalitsa mutu.

"Madala, mundipatse weekend imodzi yokha, iwale ngati ya mu showroom," ankatero bambo. "Munthu n'kumasunga ma mistake?"

"Anaipanga ndi anthu, aphwanga," ankayankha aKamanga. "Lachisanu mkono umatopa."

Masana aliwonse ankathira tiyi makapu awiri, imodzi n'kuiika m'buti, mosungira katundu kumbuyo kwa galimotoyo, n'kutseka. Tsiku lina ndili phee pampando paja ndinamva kugogoda kumbuyo kwanga, katatu, pang'onopang'ono ngati mlendo waulemu. AKamanga, osatembenuka n'komwe, anati ndi chitsulo chikuzizira, chonsecho injini inali isanalire chaka chonse.

Ataona kuti ndachita mantha, anatsegula buti n'kundiloza kunsi kwa chivundikiro. Panali chilembo W chokhotakhota, cholembedwa ndi choko chachikasu.

"Mng'ono wanga Wiliyamu ndiye ankayendera magalimoto akatha kupangidwa, akakhutira n'kulemba ichi," anatero. "Anamwalira konkuno. Chithunzi chake ndilibe, kalata ndilibe. Ndinatsegula mabuti a anthu zaka zambiri ndisanaipeze iyi. Usauze munthu, mwanawe, angandiyese wamisala."

Nyengo yozizira itafika, chifuwa chinawagoneka m'chipatala milungu itatu, ndipo makiyi anasiyira bambo. Bambo anaona kuti mpata ndi umenewu wowachitira madala chinthu chabwino. Loweruka m'mawa ndinaima pakhomo la galaja ndikuwaona akutsegula buti, sandipepa wopalira penti ali m'manja.

"Adadi," ndinatero.

"N'chiyani?"

"Palibe."

Ndinali nditalonjeza, komanso kwathu mwana sankauza bambo ake kagwiridwe ka ntchito. Ndinangoima pomwepo mpaka fumbi lachikasu linagwera pa nsapato zawo.

Tsiku limene aKamanga anatuluka, galimoto inali kuwala moti munthu n'kudzionerapo nkhope. Iwo sanaiyang'ane kawiri. Analunjika kubuti, n'kusisita kunsi kwa chivundikiro ndi chikhatho, kusisita, kusisitanso. Kenaka anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo aphwanga, mwagwira ntchito."

Atatero anandiyang'ana ine, osakwiya, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa mbama. Kuyambira tsiku limenelo ankathira kapu imodzi. Ndinkakhalabe pampando paja kutchera khutu, koma m'buti munali zii. AKamanga anamwalira kusanayambe kutentha.

Maliro atatha, bambo ananditenga kukatulutsa katundu m'galajamo. Atatsegula buti anabwerera m'mbuyo. Penti yatsopano ya kunsi kwa chivundikiro inali itatupa matuza ang'onoang'ono, ndipo matuzawo anandandalika mokhotakhota, W yemwe uja. Bambo anati choko cha m'fakitale chimakhala ndi phula, penti siigwirapo bwino. Ananena zimenezi kawiri ine ndisanawafunse, n'kutseka buti ndi manja awiri.

Lero bambo ndi okalamba, ndipo alendo akabwera amakonda kusimba kuti anawasangalatsa madala aja asanatsikire kumanda, kuti mpaka anawawombera m'manja. Akamaliza amatembenukira kwa ine kuti, "Si choncho? Iwe unalipo." Ndili ndi ana anga tsopano, pakamwa ndili napo ndithu, koma mpaka lero ndimangogwedeza mutu kuvomera.