Mayi Tsekabuku ndi Labala wa Amake Pwiti

Pasukulu ya kuseri kwa depoti ya mabasi, ukafunsa dzina lenileni la aphunzitsi a kalasi yachinayi, anthu amayamba ayang'anana kaye. Onse amangowadziwa kuti Mayi Tsekabuku. Aphunzitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo mawu awo sasintha. Mwana akayamba kuyankha maso ali pabuku, iwo amagogoda desiki ndi chala: "Tseka buku. Undiuze ndi pakamwa pako."

Ndi mayi wojintcha, wa mapazi otupa. M'mawa amafika atavala nsapato, koma ikamakwana teni koloko nsapatozo zili pansi pa tebulo, iwo akukwekweza mapatapata. M'kalasi mwawo muli ana 78, mawindo atatu, ndi kabati yomwe kiyi wake anasowa kalekale. Mawu awo anasasa ndi fumbi la choko. Sakalipa. Amati mphamvu zokalipira zinawathera chaka chomwe tsitsi lawo linayamba imvi.

Amake Pwiti ankawaopa mayiwa. Kunena zoona, ankaopa zambiri: galimoto za pa depoti, chifuwa cha mwana, foni ikalira nthawi ya ntchito. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankasita zovala pa shopu yochapira ya pafupi ndi msika. Mwana wawo Pwiti, kamtsikana kochepa thupi, ankabwereza kalasi yachinayi. Bambo ake anali atanena kale, osakweza mawu, akumanga zingwe za nsapato: "Akalepheranso, apite kwa azakhali ake azikawalerera mapasa. Sukulu si ya aliyense."

Amake Pwiti ankadziwa mmene ulendo wotere umathera. Iwonso anachoka mu fomu yachiwiri kupita kokalera ana a achibale, akuti kwa teremu imodzi yokha.

Ndiye madzulo alionse akaweruka, ankakhala ndi kope la mwanayo pakhomo dzuwa lisanalowe. Akaona cholakwa, ankatulutsa labala m'chikwama, kufufuta bwinobwino, kupemerera zinyenyeswa, n'kumunong'oneza Pwiti yankho. Kenako mwanayo ankakopera notsi katatu, mpaka chala kuchita chithuza. Kopelo linali loyera ngati malaya a mkwati. Koma mayeso a pakati pa teremu atabwera, Pwiti anapeza 11 pa 50, ndipo kumunsi kwa pepala kunali mawu ofiira: Mayi ake abwere Lachitatu ana akaweruka.

Lachitatulo amake Pwiti anapita. Anawapeza aphunzitsi ali okha, mapazi atawasanjika pa katoni ya mabuku.

"Khalani, amake Pwiti. Koma samalani, benchiyo ili ndi msomali wokonda madiresi."

Anayala patebulo kope ndi pepala la mayeso, pafupipafupi.

"Amene amalemba homuweki ya Pwiti ndi wanzeru kwabasi. Ndikufuna ndimupatse mphoto. Ali ndi zaka zingati?"

Aphunzitsi anakweza tsamba limodzi cha kuwindo. Linali litafufutidwa mpaka dzuwa kumaonekera.

"Pepani, Madamu. Ndimangofuna kuti asamaoneke wolephera. Akalephera amutenga."

"Amutenga ndani?"

Anawafotokozera zonse, za mapasa, za alamu awo, azakhali a Pwiti aja, za fomu yachiwiri. Aphunzitsi anamvetsera maso ali chitsinzinire, moti amake Pwiti anaganiza kuti agona. Kenako anapumira m'mwamba.

"Mwana wanga, ine ndili ndi ana 78. Cholakwa cha m'kope ndi chokhacho chimandiuza pamene pakumuwawa mwana. Inu mukubwera naye kwa dokotala mutaphimba bala ndi nsalu yokongola. Miyezi itatu ndakhala ndikumudumpha Pwiti, ndikuyesa zikumuyendera."

Anawauzanso za iwo eni. Ali ku koleji ya uphunzitsi analephera mayeso oyamba, chonsecho ankawerenga kuposa onse, kubwereza tsamba limodzi kakhumi mpaka kumaliimba. Chaka chotsatira denga la hositelo linadontha, notsi zawo zonse n'kusanduka phala. Polira, anayamba kulemba papepala zomwe ankakumbukira, kenako kubwereka buku la mnzawo kuti aone zomwe zasowa. Chaka chimenecho anakhoza.

"Kuwerenga n'kuika chinthu m'thumba. Mayeso amafuna kuchitulutsa. Pwiti amangoika, sanayesepo kutulutsa. Ndiye muchite izi. Atseke buku, akuphunzitseni inu. Inu mukhale mbuli. Muzifunsa kuti chifukwa chiyani, nanga zimatheka bwanji. Akakanika, musamuuze. Muwerenge chamumtima mpaka makumi awiri, kenako atsegule yekha aone. Za lero mumufunsenso mkuja, mudzamufunsenso sabata yamawa, zitayamba kuiwalika."

"Ndiye ndizikhala ngati chitsiru pamaso pa mwana wanga?"

"Ine ndakhala chitsiru zaka makumi atatu, mpaka amandilipira. Bweretsani labalayo."

Anakoka dirowa ya tebulo. Munali malabala osachepera makumi awiri, ena otha, ena atsopano. Wa amake Pwiti anagwera momwemo.

Tsiku loyamba linali lowawa. Pwiti ankabwera ku shopu akaweruka, n'kukhala pa mtolo wa mabulangete. Atatseka buku, anangoyang'ana kudenga. Za ulendo wa madzi, zomwe anakopera katatu dzulo lake, sanatulutse ngakhale liwu limodzi.

"Amama, ingondiuzani chiyambi chokha."

"Ine sindidziwa, ndine wosita malaya."

"Bodza! Dzulo mumadziwa!"

Analira. Amake anawerenga chamumtima, simbi ili m'manja, yankho likuwayabwa pa lilime. Pofika makumi awiri kolala ya malaya a kasitomala inali itatsala pang'ono kupsa.

Kope linayamba kubwera lili ndi mitanda yofiira. Bambo a Pwiti analitsegula Loweruka lina, n'kupukusa mutu.

"Kale ankakhozako za kunyumba, pano taonani. Kope ngati lachita ngozi."

Sabata yomweyo alamu anabwera kudzacheza, atanyamula diresi yoti Pwiti ayese. Amake anaona mmene maso a alamuwo ankayezera mikono ya mwanayo, ngati ingathe kunyamula khanda. Mawa lake popita kuntchito anaima pa kashopu ka zolembera, n'kufunsa mtengo wa labala. Anamugwira, kumutembenuza. Kenako anamubweza, wogulitsa akung'ung'udza kuti anthu ena amangodzadetsa katundu.

Zinasintha pang'onopang'ono, mosaoneka bwino. Aphunzitsi anamusamutsa Pwiti kumuika kutsogolo, pafupi ndi mapatapata awo. Masana ena, amake akusita thalauza, anafunsa mwaulesi, atatopa ndi sewero lawo lomwe:

"Nanga utsi ukutuluka m'simbimu ukupita kuti?"

"Si utsi, amama, ndi nthunzi. Inu simumva? Ndinakuuzani Lolemba." Pwiti anatsika pa mabulangete, n'kuloza galasi la windo pomwe panali timadontho. "Yakwera, yapeza pozizira, yasandukanso madzi. Mitambo imateronso. Mvula ndi nthunzi yobwerera kwawo."

"Zili m'buku zimenezo?"

"Za windo mulibe. Ndaziona ndekha."

Amake anatembenukira kukhoma, n'kumayerekeza kufunafuna hang'ala yokolekera malaya.

Sikuti zonse zinayera. Masamu a kugawa ankamuzunguzabe, ndipo masiku ena mayi ndi mwana ankabwerera kunyumba osalankhulana. Mayeso omaliza atatha, amake Pwiti anadikira zotsatira sabata yathunthu. Tsiku lotsekera anaima pa geti kuyambira m'mawa. Pwiti anatuluka akuthamanga, lipoti lili m'mwamba. Nambala 44 pa ana 78. Wakhoza, apite kalasi yachisanu.

Bambo ake analiwerenga kawiri.

"Folote folo si nambala yoitanira anthu," anatero. Anapinda lipotilo n'kuliika m'thumba la malaya. "Chabwino. Ndiwauza achemwali afune wina. Tione chaka chamawa."

Chaka chimodzi chokha. Amake Pwiti anachilandira ndi manja awiri.

Sukulu itatsegulira anapita kukathokoza. Anawapeza Mayi Tsekabuku pomwe paja, mapazi pa katoni, mulu wa makope a ana atsopano uli patsogolo pawo. Aphunzitsiwo anawayang'ana nthawi yaitali asanawazindikire.

"Oho, amake Pwiti. Musandithokoze ine, thokozani lilime lanu kuti linapirira. Ku kalasi yachisanu notsi n'zambiri, musaleke." Anakoka dirowa ija. "Labala wanu mukumufuna?"

"Ayi, Madamu. Akhale."

"Akhale ndithu. Potuluka mundiitanire amene ali pakhondepo."

Pakhonde panali mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, atafumbata kope pachifuwa. Amake Pwiti anangoona m'mphepete mwa masamba ake, oyera mbee, n'kudziwa.

"Lowani, asisi," anatero. "Koma musamale benchiyo, ili ndi msomali."