Galu Amene Ndinamuika M'filimu

Amuna anga atapita ku Joni, tinapangana chinthu chimodzi chimene anthu a kuno ku Khuyu ankatiseka nacho. Sabata iliyonse tinkaonera filimu imodzi, iwo kumeneko ine kuno, ndipo Lamulungu masana tinkakambirana pafoni. Lolemba ankanditumizira dzina la filimuyo. Ine ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinkadzera ku Mbamba pa kashopu kamene amaika mafilimu m'memore, ndipo pofika Lachisanu ndinkakhala nditaonera. Mabuku ndiwo anali mbali yanga ndekha. Amuna anga buku likafika tsamba lachitatu amayamba kuwodzera, choncho ine ndinkawerenga n'kumawafotokozera.

Kunyumba kwathu netiweki ndi yamwano. Imagwira bwino pamwala wina kumtunda kwa munda wa chinangwa, pafupi ndi mlambe. Tikabwera ku Misa, ndikangodya, ndinkakwera kumeneko ndi kakope kanga n'kukhala pansi kudikira kuti foni ilire. Tinali ndi mafunso atatu osasintha: chakukomera n'chiyani sabata ino, chakukwiyitsa n'chiyani, ndipo m'nkhanimo wofunika mbama ndani. Funso lachitatuli ndi limene linkatitengera nthawi.

Munthu amene ndinakwatiwa nayeyu ndi wamakani chibadwire. Ukati nyanja lero yadekha, iwo apeza funde. M'filimu iliyonse ankaikira kumbuyo munthu woipa. Tinaonera ina ya ku Nigeria, ya mayi amene anathamangitsa mkazi wa mwana wake, iwo n'kumati mayiyo anali ndi mfundo chifukwa mtsikanayo ankathira mchere wambiri m'ndiwo. Ina ya ku India, ya maola atatu, ine ndinalira mpaka chitenje kunyowa, iwo akuti anthu amene ali ndi nthawi yovina pamvula alibe mavuto enieni. Ndinkatsika pamwala paja nditapsa mtima, ndikuyankhula ndekha m'njira, koma usiku ndinkagona tulo tabwino.

Apongozi anga, amene ndimakhala nawo bwalo limodzi, analibe nazo ntchito za mafilimu, koma Lamulungu lililonse ankandiyang'ana kumaso ndikamatsika. Amuna awo anapita ku Bulawayo mwana wawoyu akukwawa. Poyamba makalata ankabwera pafupipafupi, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako zii. Anatchona. Apongozi sanandiuzepo kuti mwana angatengere bambo ake. Koma tsiku lina tikuvuula chinangwa m'madzi, anangoyamba okha kunena za makalata omaliza aja, kuti anali abwino kuposa onse, opanda dandaulo ngakhale limodzi.

"Chilichonse chimene ndalemba, iwo ankangoti eya," anatero. "Ine kumakondwa, mwanangu, osadziwa kuti munthu wapita kale."

Mawu amenewo ndinawaika kumbali. Anadzandibwerera m'chaka chachiwiri, nyengo ya mwera, pamene amuna anga anayamba kuvomereza. Choyamba anasiya kutumiza dzina la filimu, akuti ndizisankha ndine. Kenako ndikati wofunika mbama ndi mchimwene wake wa mkazi uja, ankati eyadi, ameneyo. Ndikati mathero sanandisangalatse, ankati nawonso sanawasangalatse. Sabata ina ndinayamikira dala filimu yopanda mutu, ya anthu ongomenyana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndikuyembekezera kuti andiseka. Anati inali yabwino ndithu.

Ndinasowa mtendere. Ndikakhala pansi kuti ndichonge makope a ana, ndinkapezeka nditaima pakhomo. Bwalo ndinkasesa kawiri m'mawa umodzi. Loweruka lina ndinayenda mpaka ku Yofu kukacheza kwa mnzanga, ndipo ndinatsanzika madzi a tiyi asanawire. M'mutu mwanga ndinali nditamuumba kale mkazi wina wa ku Joni wondilanda amuna anga. Ndinamupatsa zikhadabo zazitali, tsitsi logula, ndi mpando wofewa umene ankakhalapo ndi amuna anga kuonera mafilimu awoawo, ine ndili pamwala kulimbana ndi nyerere. Ndinkamuda ndi mtima wanga wonse munthu amene sindinamuonepo.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene amuna anga ankafunsabe mwachidwi. Masiku amenewo ndinkawerenga buku lalikulu lopanda chikuto limene ndinalipeza m'kabati ya kusukulu. Linali la mayi wina wosoka zovala amene anapeza kiyi m'thumba la jekete la malemu mwamuna wake, kiyi wosatsegula chitseko chilichonse cha m'nyumba mwawo. Mayiyo ankayenda m'tauni yonse kufunafuna chitseko chake. Lamulungu lililonse, tikamaliza za filimu, amuna anga ankafunsa pamene mayi wa kiyi uja wafika. Ine ndinkaganiza kuti akufunsa pofuna kunditseka pakamwa.

Ndiye ndinatchera msampha. Sabata imeneyo filimu inali ya dalaivala wa lole amene ankadutsa maiko atatu kufunafuna mng'ono wake. Munalibe nyama iliyonse m'filimumo, ngakhale nkhuku. Foni italira, ndinanena zondikomera monga mwa nthawi zonse, kenako ndinati chimene chandipweteka kwambiri ndi galu uja, wofiirira, wodulidwa khutu, amene dalaivala anamusiya pachipata cha m'malire. Ndinafotokoza mmene anathamangira pambuyo pa lole, lilime lili panja, mpaka anagwa m'fumbi. Bodzalo linkatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa.

"Aa, galu uja," anatero amuna anga, mawu atatsika. "Wandimvetsa chisoni kwambiri. Dalaivala ameneyo ndiye wofunika mbama."

Ndinamaliza kucheza mwaulemu, ndinafunsa za nyengo, ndinapereka moni wa amayi awo, ndinatsanzika. Aliyense wondidziwa akuuzani kuti ine ndikayamba ulemu wotero ndiye kuti zinthu zaipa.

Sabata imeneyo ndi yaitali kuposa zonse zimene ndikukumbukira. Ana a m'kalasi mwanga anakalipiridwa pa zinthu zosafunika kukalipira. Tsiku la sitima ndinapita kudoko popanda woti ndimuchingamire, ndinaima pakati pa madengu a usipa kuyang'ana anthu akutsika, ndinabwerako. Ndinalemba uthenga wautali pafoni n'kuufufuta, kulembanso n'kufufutanso. Apongozi anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi mutu chabe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kusankha nyemba zawo.

Lamulungu litafika, sindinatenge kakope. Foni italira sindinadikire ngakhale moni.

"M'filimu ija munalibe galu. Ndinamupeka ndine. Tandiuzani, mukuonera ndi ndani mafilimu anu kumeneko?"

Panali chete. M'chete ameneyo ndinamva zinthu zimene ndinali ndisanazitchererepo khutu: munthu akutsokomola chapafupi, wailesi, mawu a amuna ambiri, wina akuyankhula Chitonga. Kenako amuna anga anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono ngati munthu wozula minga kuphazi. Ntchito yawo ya zomangamanga inatha miyezi itatu yapitayo. Chipinda chimene ankachita lendi anatulukamo. Tsopano ankagona m'kachisakasa ka malata ndi anyamata asanu a ku Nkhata Bay. Foni yawo yaikulu yoonerapo mafilimu inapita, ndipo Lamulungu ankabwereka ya mnzawo n'kuikamo khadi lawo kuti nambala isasinthe, ine ndisadziwe. Filimu anali asanaonere ngakhale imodzi chichokereni m'chipinda muja.

Ndinafunsabe za mkazi, chifukwa ndinali nditamusunga nthawi yaitali moti sindikanamutaya chabe. Anaseka kuseka kopanda mphamvu n'kunena kuti ndikanaona nsapato zimene avala sindikanafunsa funso limenelo.

"Ndiye galu uja kulibe?" anafunsa.

"Kulibe."

"Sabata yonse ndakhala ndikumuganizira. Ndimafuna ndikufunseni lero ngati dalaivala uja anabwerera kudzamutenga."

Ndinalira pamwala paja, ndipo ndinali wokwiya kwinaku ndikulira. Ndinakwiyira iwo chifukwa chondibisira, ndinadzikwiyira ndekha chifukwa cha mkazi wa zikhadabo uja. Ndinawauza kuti abwere kunyumba. Anati abwera ndi chiyani. Pachilumba pano munthu akatsika sitima kuchokera ku Joni, anthu sayang'ana nkhope yake, amayang'ana katundu. Amalume awo anabwera ndi makina osokera, ena anabwera ndi malata, ndipo mpaka lero nyumba zawo timazitchula potengera zimenezo. Anati ndiwapatse miyezi ingapo, zinthu zisintha.

Ndinawayankha kuti bambo awonso mwina ankadikira miyezi ingapo. Anali mawu ankhanza, ndipo ndinadziwa ndikuwanena. Pofuna kusintha nkhani, iwo anafunsa za mayi wa kiyi.

"Wapeza msewu wake," ndinatero. "Waima pa chitseko chobiriwira, kiyi ali m'manja. Zotsalazo mudzamvera m'nyumba muno. Pafoni sindikuuzaninso filimu kapena buku."

Anaganiza kuti ndikuchita nthabwala. Lamulungu lotsatira anafunsa, ndinawauza za mawondo a amayi awo. Linalo anandinyengerera, ndinawauza za mbuzi zimene zinalowa m'chinangwa. Kucheza kwathu kumene kunkatha ola lathunthu kunayamba kutha mphindi zisanu. Ndinkachita mantha kwambiri, chifukwa ndinali nditamva ndi makutu anga kuti nkhani zanga ndi zimene munthuyu ankakhalira moyo m'kachisakasa muja, ndipo ine ndinali nditazidula dala. Ndinkadzifunsa ngati ndikumukoka kuti abwere kapena ndikumukankhira kumene anapita bambo ake.

Kenako Lamulungu lina foni sinalire. Ndinakhala pamwala mpaka mthunzi wa mlambe unandipitirira, ndinatsika, ndinakweranso. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Ndikaimba, nambala sinkapezeka. Kashopu ka ku Mbamba ndinkakadutsa nditayang'ana kumbali. Apongozi anasiya kundiyang'ana kumaso ndikamatsika, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kundifunsa. Ndinatsala pang'ono kuwaululira zimene ndinachita, koma ndinalibe pakamwa ponenera kwa mayi kuti mwana wawo ndamutaya chifukwa cha buku lopanda chikuto.

Uthenga unabwera pakati pa sabata, ndili m'kalasi, kuchokera pa nambala yachilendo. Amuna anga anali pa Nkhata Bay, akudikira sitima.

Anatsika m'mawa, pakati pa matumba a ufa ndi makatoni a anthu ena. Ndinawazindikira ndi kayendedwe, chifukwa thupi linali litatha. Anali ndi chikwama chimodzi. Anthu anayang'ana monga mmene iwo ananenera, ndipo bambo wina wa ku Mbungo anafunsa mokweza ngati katundu wina akubwera pambuyo. Ndinamuyang'ana bamboyo mpaka anakumbukira kuti ali ndi zochita kwina. Chikwamacho ndinasenza ndine. Chinali chopepuka moti ndinkachigwira ndi dzanja kuti mphepo isachigwetse.

Tinayenda osayankhulana mpaka titapitirira nyumba zomaliza. Ine ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawakonza kwa milungu yonseyi, ena opepesa, ena okalipa, koma palibe amene ankatuluka. Iwo ankayenda patsogolo, akuyang'ana minda ngati akuiwerenga. Tili pakati pa njira ya ku Khuyu anaima n'kutembenuka.

"Ndiye kunali chiyani kuseri kwa chitseko chija?"

"Sindikudziwa," ndinatero. "Nanenso ndinalekera pomwepo. Buku lili pansi pa pilo, ndinaikamo tsamba la mango."

Anandiyang'ana, maso atafiira. Ndinaganiza kuti anena mawu aakulu. M'malo mwake anapukusa mutu n'kunena kuti mayi ameneyo ndiye wofunika mbama, chifukwa munthu wanzeru akapeza kiyi m'jekete la malemu amamutaya m'nyanja n'kupitiriza kusoka. Ndinati amuna onse anganene zomwezo chifukwa onse ali ndi makiyi obisa. Anati mwina chinali chipinda chosungiramo mphatso ya mkaziyo. Ndinafunsa kuti mphatso yanji yofuna lendi. Ndinatula chikwama pansi kuti ndiyankhule bwino ndi manja onse awiri.

Apongozi amati anatimva tisanaonekere. Anali pakhonde, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi kuyambira m'mawa, ndipo atamva mawu a mwana wawo akunditsutsa kuseri kwa chinangwa, anangokhala pansi.