Nkhuku ya mlandu wa Colts

Abambo oyandikana nafe ku Beech Grove, kuno ku America, ndi obwera ngati ife, ndipo anaudziwa atakula kale mpira wa ku America, koma mbiri yake amaisimba ngati ya mtundu wawo. Ukangowapatsa moni, umva za osewera akale amene ankagundana atavala zipewa zachikopa. Timu ya Colts amaikonda pa chifukwa chimodzi. "Ndi obwera anzathu," amatero. "Anasamuka ku Baltimore kubwera kuno mu 1984, katundu ali m'malole."

Chaka chatha kutsidya kwa msewu kunabwera mzungu wachikulire wochokera ku Baltimore komweko. Ataona mbendera ya Colts pakhonde pa abambowa, anasiya kuyankha moni. Iwo zinawasowetsa mtendere, poti ukadwala woyamba kufika ndi woyandikana nawe.

Loweruka lina masana anavala jekete n'kunditenga ine kuti ndikakhale mboni, nkhuku yootcha ya m'sitolo ili m'manja mwanga. Titafika pakhomo pa mzunguyo, abambowa anavula chipewa n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mlandu suwola," anayamba motero. "Mzinda wathu unakutengerani timu. Kwathu wolakwa amapepesa ndi nkhuku."

Mzunguyo anaseka mpaka misozi. Kenako anatikhazika pansi n'kutisimbira za malemu bambo ake, amene ankamunyamula paphewa popita kukaonera Colts. Nkhuku tinadyera limodzi.

Pobwerera ndinawafunsa kuti, "Nanga akanati timuyo ibwerere kwawo, mukanatani?"

"Iwe, ntchafu zonse ziwiri wadya ndani? Si mzungu uja?" anandiyankha akuvala chipewa. "Mlandu watha. Timu sitibweza."