Difu ya a Satitimira

A Satitimira anatsitsa matabwa kuchokera kumapiri zaka makumi atatu ndi pikapu imodzi yomweyo. Dzinali sanadzipatse okha ayi. Anawapatsa ndi madalaivala anzawo, aja ankawazula m'matope dzinja lililonse uku akuwanyoza. Anali munthu wamfupi, wamakani, wosadziwa kutsitsa mawu, ndipo chinsinsi chawo chonse chinali kandodo kachitsulo pambali pa giya, kolokera difu.

Difu ndi chimphika chachitsulo chija chimakhala pakati pa matayala akumbuyo, chogawa mphamvu uku ndi uku. Ukachiloka, matayala awiriwo amazungulira ngati limodzi, moti lina likalendewera m'mwamba linzake limakankhabe. Koma ukangotuluka m'matope n'kuponda phula, uyenera kumasula. Ukaiwala, pokhota tayala lakunja limafuna kuthamanga, lamkati likukana, zitsulo zimalimbana mpaka shafti, chitsulo chozunguza tayala, kuthyoka. A Satitimira ankati woiwala kumasula loko akagulitse tomato, chiwongolero si chake.

Makaniko wawo anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo. Galaja yake inali denga la malata, dzenje lakuda ndi oyilo ndi benchi ya mpando wakale wa basi. Kumeneko n'kumene pikapu ija inabwera chokokedwa kawiri m'miyezi itatu, shafti itathyoka. Ulendo woyamba a Satitimira anakalipira ogulitsa zipangizo kuti masiku ano akugulitsa zitsulo zofewa ngati sopo. Ulendo wachiwiri makaniko anasuzumira m'galimoto n'kupeza kandodo kaja kali chilokere, chonsecho galimoto inafera pakati pa phula. Mtima unamuthyoka kuposa shaftiyo. Anakakankhira pansi mwakachetechete eni ake asanaone.

Posakhalitsa mlongo wake anabwera kugalaja, maso ali gwa. Anati amuna ake akumafunsa chinthu chimodzi kasanu, ndipo dzulo lake anasaka nsapato nyumba yonse ali chivalire. Anamupempha kuti awabisire makiyi asanaphe munthu. Makaniko anakana. Ankadziwa kuti kuwalanda galimoto a Satitimira kunali kuwaika m'manda akupuma. Anamuuza mlongo wakeyo kuti amupatse mpata, pali njira ina.

Njirayo inali difu yamtundu wina, yodzigwira yokha. Ilibe kandodo. Tayala lina likayamba kuterera, timbale tam'kati timagwirana n'kupatsirako mphamvu linzake, pofika pa phula timadzimasula tokha. Palibe chokumbukira, palibe choiwala.

Atawafotokozera, a Satitimira anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola. Anati imeneyo ndi difu ya mabwana a m'tauni oopa kudetsa nsapato. Tayala limodzi likangonyamuka pamwala, anatero, imangozungulira pachabe ngati chigayo chopanda chimanga. Zinali zoona, ndipo makaniko sanatsutse. Anapukuta manja nthawi yaitali pa sanza yoderatu, kenako analankhula akuyang'ana pansi.

"Alamu, wakutsina khutu ndi mnansi. Tsiku lija loko ndinamupeza chimangire. Ndinamasula ndine."

A Satitimira anavala chipewa n'kumapita wapansi, osatsanzika. Makaniko anatsala akudziimba mlandu, kuti mwina akanangonama kuti difu yakaleyo yatha. Patapita masiku atatu a Satitimira anabwerera, anakhala pa benchi ija, manja pakati pa miyendo ngati mlendo.

"Ikanimo yanu ija," anatero. "Koma anzanga asamve."

Makaniko anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse, abale. Bawuti iliyonse anaimanga kawiri. Kandodo anakachotsa, bowo lake n'kutsekapo ndi kachidutswa ka labala. Lachisanu m'mawa, mvula itagwa dzulo lake, ananyamuka awiri kukaiyesa pamsewu wakumapiri, a Satitimira pachiwongolero.

Munthu uja ankayendetsa! Manja sanaiwale kanthu. Pa chithaphwi choyamba analowa ndi giya yachiwiri, galimoto inagwedeza kumbuyo n'kutuluka. Pachikweza chamiyala anazemba mwala wonyamula tayala ngati anauika okha. Anayamba kuimba mluzu, akuloza malo amene anakokapo uje ndi uje, mayina onse akuwatchula osaphonya. Anavomeranso kuti difu ya mabwanayi siyoipa kwenikweni. Makaniko anamva mtolo ukutsika pamutu. Anayamba kukonzeratu mawu okamuuza mlongo wake, kuti waona, vuto linali chitsulo chabe.

Pobwerera dzuwa linali pamutu. Anatsika phiri, analowa pa phula, anadutsa msika, anadutsa sukulu. Atafika pamphambano yolowera kwawo, pamene akhala chikwatirire, a Satitimira anaimitsa galimoto pambali. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Mluzu unali utatha. Injini inkangolira.

"Alamu," anatero motsitsa kwambiri, "kwathu timakhotera kuti?"

Geti lawo lobiriwira linkaonekera pomwepo, mlongo wa makaniko uja akuyanika zovala pa waya. Makaniko analiyang'ana getilo, misozi ikulengeza. Anafuna kuloza ndi chala, n'kungoti apo, basi, mawa kuche munthuyo akwerenso kumapiri yekha. Sanathe.

"Tasunthani ndiyendetseko, alamu," anatero. "Ndikufuna ndiimve difu pokhota."

Anayembekeza kutukwanidwa, ndipo akanakondwa atatukwanidwa. Koma a Satitimira anatsegula chitseko, anatsika, anazungulira kutsogolo akusisita boneti ndi dzanja, n'kudzakhala kumpando wa okwera. Anavula chipewa n'kuchiika pamiyendo.

"Ikumveka bwino," anatero. "Mwaigwira ntchito. Makiyi mukawapatse mayi kunyumba."