Loko wa Malume Pachitseko Chathu

Ndikukumbukira tsiku limene ndinaweruka kusukulu n'kupeza amayi atakhala pakhonde, dengu la manachesi lili pambali, maso ali pachitseko chathu. Ndinali sitandade 4 ndipo tinkakhala ku Lisungwi. Pachitsekopo panalendewera loko watsopano, wachikasu. Nditamukhudza anandiwotcha chala chifukwa cha dzuwa.

Nyumbayo anaisiya ndi agogo aamuna. Asanamwalire ananena pamaso pa abale kuti ndi ya ana awo awiri, amayi ndi achimwene awo, malume a Fanuwelo. Malumewo ankakhala kwa akazi awo ku Midzemba, ndiye ankafuna kuti m'nyumbamo mulowe namwino wina wochokera kutali, azichita lendi. Amayi atakana, malume anadikira tsiku la msika n'kubwera kudzatseka.

Zathu zonse zinali m'katimo: mabulangete, ufa, makina osokera a amayi, komanso diresi la ukwati la mtsikana wina limene linkafunika Loweruka lomwelo. Bambo wina woyandikana nafe anabwera ndi hamala, koma amayi anapukusa mutu.

"Ndikathyola, anthu azikamba za loko," iwo anatero. "Ine ndikufuna akambe za nyumba."

Ineyo mantha sanandigwire kwenikweni. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi funso lakuti nyumba imodzi ingakhale bwanji ya anthu awiri. Nachesi ndinkadziwa kugawa kwake, ndipo munda umakhala ndi malire. Ndinaizungulira nyumba yonse, kuyang'ana njerwa ndi mawindo, kufuna kuona pamene mbali ya amayi inkathera. Ndinaganiza kuti mwina kuchipinda n'kwathu, pabalaza n'pa malume. Koma nanga chitseko chinali cha ndani?

Tinakagona kwa mnzawo wa amayi wa kutchalitchi, pamphasa yonunkha utsi. Loweruka linafika, mkwatibwi anavala diresi lobwereka, ndipo amayi sanapite kuukwatiko chifukwa cha manyazi. Tsiku limenelo ndi limene ndinawaona akulira.

Abale atalephera kuwagwirizanitsa, nkhani inapita kukhoti. Ndinaumirira kupita nawo. Woweruza anali mayi wa magalasi, wolankhula motsitsa, moti ndinkachita kutchera khutu.

"Kodi mukuvomera kuti achemwali anuwa nawonso ndi eni nyumba?" woweruzayo anawafunsa malume.

"Ndikuvomera. Koma wamkulu ndine, ndipo malata atadontha ndinasintha ndine."

Woweruzayo anati za malata zikhoza kukambidwa pazokha, koma sizipatsa munthu mphamvu yotsekera mnzake panja. Anafotokoza kuti nyumba ya anthu awiri ikakhala yosagawidwa, aliyense ali ndi ufulu wolowa ndi kukhalamo, ndipo wina sangaibwereketse kapena kuigulitsa mnzake asanavomere. Akalephera kumvana, abwere kukhoti kuti awagawire mwachilungamo. Kenako analamula kuti malume akatsegule nyumbayo tsiku lomwelo.

Tinabwerera limodzi ndi malume. Malume akupotokola kiyi, funso langa linangotuluka lokha.

"Malume, kodi mbali yanu ya nyumbayi ndi iti?"

Amayi ananditsina paphewa. Malume anayang'ana khoma, anayang'ana denga, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

"Sindikuidziwa, Tamanda. Bambo athu sanandionetse."

Anachotsa kiyi mmodzi n'kupatsa amayi, wina anaika m'thumba lawo. M'nyumba munkanunkha chinyezi, ndipo diresi lija linali pamakina, singano ikadali munsalu.

Ndili mwana ndinkayesa kuti malume anagonja chifukwa analibe gawo. Lero ndikudziwa kuti gawo anali nalo ndithu, lofanana ndi la amayi, panjerwa iliyonse ya nyumba ija. N'chifukwa chake sindinawapeze malire aja. Malume akanatha kubwera ndi mphasa yawo n'kugona pabalaza, amayi osawaletsa. Chokhacho chimene sakanaloledwa ndicho kutigoneka panja.