Sopo wa ababa

Ndikukumbukira fungo la ababa bwino kuposa nkhope yawo. Ankanunkha dizilo. Ngakhale atavala suti ya kutchalitchi, unkadziwiratu kuti munthuyu amayendetsa thankala ya mafuta.

Tinkakhala ku Mwanza, pafupi ndi chipata cha m'malire, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Njanji zopita kudoko zinali zitawonongedwa, choncho mafuta ankabwera pamsewu wodzera ku Tete, pa mdipiti wa malole operekezedwa ndi asilikali. Mafuta akachedwa zonse zinkaima. Kuchigayo zii, basi osaoneka, ambulansi ili gone pansi pa mtengo wa mango. Ababa ankati zigawenga zimadziwa bwino zimenezi. "Akaotcha lole ya chimanga, alanga mudzi umodzi. Akaotcha yanga, ngakhale asilikali ayenda wapansi." Ankanena akuseka, ife n'kumaseka nawo, chibwana eti. Madalaivala anzawo ankaopa kuyandikana ndi thankala, ndiye ababa nthawi zonse ankakhala kumapeto kwa mzere.

Amayi nkhondo yawo inali ina, yolimbana ndi fungo. Ulendo uliwonse ankawaikira m'chikwama mtanda wathunthu wa sopo wochapira, wobiriwira uja. Ababa ankabwera ndi kachidutswa, nthawi zina opanda n'komwe, koma akununkhabe ngati galaja.

"Kodi abambo ake Tadala, sopoyu mumadya?" amayi ankafunsa motero, Tadalayo ndine.

"Ndimagwiritsa ntchito, mayi."

"Ntchito yanji? Kasambeni uko, m'nyumba mwanga musalowe choncho."

Loweruka lina masana mbiri inamveka yoti mdipiti wawomberedwa. Amayi anangoteleka madzi osamba monga mwa masiku onse. Ine ndinathamangira kumsewu. Malole anayamba kulowa, ena magalasi ali ming'alu yokhayokha, madalaivala osatiimikira dzanja ngati kale. Inadutsa yomaliza, fumbi n'kukhazikika. Thankala kunalibe. Mantha amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso. Nditacheuka ndinaona amayi ataima pambuyo panga opanda mpango kumutu, iwo amene sankatuluka pageti osamanga mpango.

Dzuwa litapendeka tinamva injini ikubwera pang'onopang'ono. Inali thankala! Ababa anatsika malaya atanyowa dizilo mpaka m'khosi. Pambali pa thanki panali timabala tobiriwira, ngati wina wamatapo phala.

"Ababa, ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Sopo wa amayi ako. Chipolopolo chikaboola, umafewetsa sopo ndi malovu n'kumata. Dizilo samusungunula. Ndinatsalira ndikumata." Kenako anayang'ana amayi mwamanyazi. "Wina ndimagawirako anzanga. Onse amati wanu ndiye amagwira."

Amayi anayandikira, n'kukhudza kabala kamodzi ndi chala. Kenako anawakumbatira ababa pamsewu pomwepo, anthu akuona, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Madzi osamba aja anali ataphwera pamoto. Tsiku limenelo ababa anadyera m'nyumba osasamba, ndipo palibe anatchula za fungo. Ulendo wotsatira amayi anaika mitanda iwiri m'chikwama, akung'ung'udza kuti mwina tsopano munthu asambako.

Ababa anatisiya kalekale. Ine ndili kunja kuno, ku Mississauga, kumene mafuta umadzithirira wekha, zala zili gwa ndi chisanu, ndipo sindinamvepo kuti atha. Wailesi ikanena kuti kwinakwake kwabuka nkhondo ndipo mtengo wa petulo wakwera, anzanga kuntchito amadandaula. Nanenso ndimadandaula, ndisaname. Koma mtima umapita kwa munthu amene ali kumapeto kwa mzere, ndi kwa mwana wake amene waima kumsewu.

Ndikathira mafuta n'kubwerera m'galimoto, mwana wanga wamkazi amatseka mphuno, n'kundiuza m'Chingerezi kuti manja anga akununkha. Amandipatsa kapepala kopukutira. Ndimalandira, n'kumuuza kuti ndipukuta tikafika kunyumba.