Kamera Yojambulira Nkhope ya Bambo

Achimwene anga atathawira ku Zambia pa nkhani ya khadi la chipani, pakhomo pathu ku Msakambewa panatsala bambo okha, poti mayi anali atatisiya kale. Ine ndinkaphunzitsa ku Madisi, ndikukhala ndekha m'kanyumba ka sukulu. Patapita zaka, dalaivala wina wa lole anandinong'oneza kuti achimwene kumeneko ali ndi makina oonera vidiyo, ndipo akulakalaka kuona nkhope ya bambo.

Mwini sitolo wina wachisilamu, amene ndinkagulako palafini, anali ndi makamera awiri a vidiyo ogwirapo kale ntchito, omwe mlamu wake anabwera nawo kuchokera ku Joni. Anandilowetsa kuseri n'kuwalumikiza ku sikirini yake. Yaing'onoyo inali ndi mabatani ambirimbiri: inkakoka phiri lakutali kulibweretsa pafupi, inali ndi getsi lake, inkalembanso tsiku pakona. Koma atandijambula nayo, ndinaoneka ngati ndaima m'nkhungu ya ku Ntchisi. Inayo inali chimphona chosenza paphewa, yopanda zokometsera, koma inaonetsa ngakhale fumbi la choko pakolala yanga.

Anandichenjeza kuti yaikuluyo sibisika, anthu adzafunsa kuti ndikujambulira ndani. Kenako anati, "Aphunzitsi, mukufuna kujambula phiri kapena munthu?"

Ndinazingwa kwa masiku angapo. Panalibe woti n'kufunsako nzeru, poti dzina la achimwene silinkatchulidwa pagulu. Pamapeto pake ndinagula yaikuluyo, n'kuikulunga m'thumba la feteleza, ulendo wa panjinga kumudzi.

Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukhala pampando pafupi ndi chigafa cha fodya, ali duu ngati akujambulitsa chithunzi cha chiphaso. Ndinawauza kuti kamera iyi imamvanso mawu, alankhule ndi mwana wawo. Anayang'anitsitsa kamerayo. Kenako anati, "Mango ako aja ayamba kubereka." Basi. Misozi inatsika m'makwinya a m'masaya mwawo, ndipo kamerayo inaigwira yonse. Batire linatha asanapukute.

Tepiyo ndinapatsa dalaivala uja. Yankho silinabwere. Bambo anamwalira dzinja lotsatira, ndipo kamera inangokhala pansi pa bedi langa. Nthawi zina Loweruka ndinkaitulutsa n'kuima nayo pakhonde, kumayang'ana pa kagalasi kake anthu akuchokera kumsika awiriawiri, osadina batani.